Galimoto Yanga ya M'vidiyo

Mpaka lelo ndikamadutsa pamsika wa Nyimba pali ena amandikuwila kuti, "Abwana a galimoto!" Ndimaseka nawo, nanga nditani, koma mumtima simuseka. Ine ndine wometa tsitsi, kashopu kanga kali m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo cha mawilo chomwe ndili nacho ndi njinga yakapalasa yopanda mabuleki akumbuyo.

Zinayamba nthawi yokolola, amake Tisa, mkazi wanga, atapita kwawo ku Mwape kukathandiza amai awo kukumba nsawa. Ndinatsala ndekha ndi foni. Tsiku lina kunabwela uthenga wakuti munthu angathe kupeza ndalama ali khale, ndipo ndinapezeka ndili m'gulu la pafoni lotsogoleledwa ndi munthu wodzitcha Kochi. Nkhope yake sindinaiwonepo, mawu okha, osalala ngati a m'busa pa ukwati.

"Ntchito ndi yosavuta," anatelo Kochi. "Tikupatsani linki, muzitumizila anthu. Aliyense wogula kudzela pa linki yanu, inu mulandila komishoni."

"Nanga tikugulitsa chiyani?"

"Bwana, katundu musamuganizile. Inu ganizilani tsogolo."

(Apa ndi pomwe munthu wanzelu amazimitsa foni. Ine ndinathamanga kukagula mabandulo ena a intaneti.)

Anati ndilipile kaye ndalama yolowela, ndinalipila. Pafoni manambala a komishoni yanga anayamba kukwela, ine n'kumawaonetsa makasitomala ndikuwameta, mpaka wina ndinamulakwitsa mzele wa pachipumi. Nditafuna kutapa, Kochi anati ndilipilenso kuti ndikwele kaye gawo la golide. Ndinapeleka ndalama yomwe ndinkasungila makina atsopano ometela. Nditafunanso kutapa, anati kwatsala kanthu kamodzi: vidiyo ya umboni.

"Muoneke ngati zikukuyendelani. Anthu sagula kwa munthu wooneka njala."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa njala ndinkaonekadi. Masana omwewo pafupi ndi kashopu kanga panaima galimoto yoyela, yaitali, ya anthu a paulendo. Eni ake atatsika kukagula nthochi, ine ndinavala jekete la kutchalitchi, ndinayedzamila chitseko, n'kumagwedeza makiyi (a loko wa kashopu kanga, abale). "Ndinali wometa chabe," ndinatelo ndikudzijambula. "Onani lelo. Dinani linki." Ndinabweleza kangapo kuti kumwetulila kukhale bwino.

Ndalama sizinabwele, koma vidiyo ija inayenda. A Kochi anaimwaza m'magulu onse, inafika ku Petauke, inafika kwa Kalindawalo, inafikanso ku Mwape. Amake Tisa anaimba.

"Atate ake Tisa, n'zoona zimene ndaona pafoni ya achimwene?"

Ndikanangoti, "Ayi, ndi sewelo." Mawu ochepa chabe. Koma mawu ake anali ndi chimwemwe chomwe ndinali ndisanachimve kwa nthawi yaitali, ndiye ndinati, "Ukabwela udzaona wekha."

Patapita masiku, m'mawa ndikumeta kasitomala, foni inalila. Anali amake Tisa, akulila.

"Amai agwa m'munda. Pakamwa papotoka, sakulankhula. Bwelani ndi galimoto msanga!"

Makina anandigwa m'manja. Ndinafunsa ngati kulibe galimoto ina iliyonse kumeneko.

"Lole ya ogula thonje inali pompano. Eni ake anati atinyamule, koma achimwene awabweza. Ati amai asakwele pamabelo pomwe alamu ali ndi galimoto yabwino. Yapita kale. Kodi mwanyamuka?"

Sindinamvepo manyazi olemela choncho, ndiponso mantha. Ndinayenela kunena mawu aja tsopano, pa nthawi yoipitsitsa.

"Amake Tisa, galimoto ndilibe. Ija inali ya eni ake."

Sanatukwane. Anangodula foni.

Ndinasiya kasitomala mutu theka, ndinathamangila ku siteshoni. Woyendetsa takisi wina anavomela nditamusiyila foni yanga yomweyo ngati chikole, komabe ananyamuka atamaliza kukonza tayala. Ku Mwape si pafupi, ndipo msewu wake ndi wokumbika. Tinakumana nawo panjila dzuwa litapendeka, apongozi atagonekedwa pamatilesi m'ngolo ya ng'ombe, mkazi wanga atawaphimba ndi chitenje kuwatchinga dzuwa. Alamu anga, achimwene ake aja, sanandipatse moni. Apongoziwo tinawanyamula tonse kuwalowetsa m'takisi, ine kumiyendo, osayang'anana.

Kuchipatala anamwino anafunsa kuti anagwa nthawi yanji. Atauzidwa, anati matenda otele amafuna kufika msanga. Sananene zambili, ndipo sanayang'ane ine, koma ndinamva ngati wodi yonse ikudziwa.

Apongozi anachila, Mulungu ngwabwino, koma dzanja lamanja silinabwelele. Khasu sagwilanso. Kaya lole ija ikanathandiza kaya ayi, palibe angandiuze, ndipo funso limenelo ndimadya nalo, ndimagona nalo.

Nditaombola foni, ndinapeza gulu lija litatsekedwa, nambala ya Kochi yosapezeka. Pambuyo pake kasitomala wina amene amachitadi ntchito ya malinki anandiuza kuti yeniyeni salipilitsa polowa, katundu wake amaoneka, ndipo ndalama yako sugula ndi ndalama ina. Ndinangogwedeza mutu. Zonsezi ndinazinunkhiza poyamba pomwe, kungoti ndinkafuna kuti zikhale zoona. Vidiyo ija sindingathe kuifafaniza. Mpaka pano anthu osawadziwa amandipeza n'kufunsa linki, ndipo aliyense ndimamuyankha chimodzimodzi: "Galimoto ija si yanga. Musalipile."

Tsiku lotuluka m'chipatala ndinakhala chapatali pabenchi, monga amachitila mkamwini. Kwathu kuno apongozi aakazi salankhula nawe maso ndi maso, amadzela mwa mwana wawo. Lilime lawo linali likadali lolemela, koma anakodola amake Tisa, nalankhula pang'onopang'ono, mokweza ndithu kuti ndimve.

"Uwauze atate ake Tisa. Pamene anabwela kudzakufunsila, anabwela panjinga, thalauza atamanga ndi mphila. Tinawalandila. Kodi alipo anawafunsa za galimoto?"

Amake Tisa anatembenuka kuti andiuze, monga mwa mwambo. Ndinati asavutike, ndamva.