Tsiku limene ndinagwada m'shopu ya mafoni

Ngati munali pa Mzimba boma Lachitatu lina m'nyengo yokolola, n'kuona mayi wina atagwada pamatailosi m'shopu ya mafoni, mwana kumsana, akuwerengera khoma pepala mokweza, musavutikenso kufunsa kuti anali ndani. Ndinali ine. Sindinali kupemphera ayi, komanso mutu unali bwinobwino. Ndinali kumenyera ufulu wanga ngati wogula, kungoti nkhondo yake inayenda mwa njira imene sindinaikonzekere.

Ine kwathu ndi ku Dowa, koma ndinakulira ku Luwawa kumene bambo anga ankagwira ntchito m'nkhalango ya paini. Komweko ndinakumana ndi mnyamata wocheka matabwa wa ku Edingeni, ng'ombe zinaperekedwa, ndipo ndinapita kukakhala kwawo. Ndili ndi pakati pa miyezi isanu, amuna angawo anakwera basi ya ku Joni monga achitira amuna ambiri pamudzipo. Mwana wathu Wongani anabadwa bambo ake kulibe. Pakafoni kanga kamabatani ankangomva kulira basi, ndiye tsiku ndi tsiku funso linali lomwelo: "Kodi akufanana ndi ndani?" Zinkandipweteka mumtima kufotokozera munthu mphuno ya mwana wake yemwe.

Tsono mumvetse chinthu chimodzi. Pamudzi pa amuna anga, mkamwana sayankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Atatavyala, ndi momwe timawatchulira. Ukakumana nawo panjira umapatuka n'kugwada, mawu ako amadzera mwa munthu wina, ndipo dzina lawo silituluka pakamwa pako ngakhale utakwiya bwanji (ndi chifukwa chake simuliona m'nkhani ino). Kwa ine, amene aphunzitsi ankanditcha wailesi, lamuloli linali ngati kundimanga pakamwa ndi luzi, koma ndinkalisunga ndithu. Mawu anga onse ankanyamula ndi mlamu wanga Tiyezge.

Tsiku lina la msika pa Edingeni panabwera anyamata a kampani ina, ambulera yaikulu ndi chimkuzamawu. Ankagulitsa mafoni a tachi olipira pang'onopang'ono: K700 patsiku kwa chaka chathunthu, ukadumpha kulipira foni imadzitseka yokha. Ndinawerengetsera tomato wanga n'kuona kuti ndikwanitsa. Vuto linali chitupa. Changa chinali chitatha ntchito, ndipo anyamatawo anakanitsitsa. Nditacheuka ndinaona atatavyala ali cha kumene amagulitsa ng'ombe, atatsamira ndodo.

Apa ndi pamene Satana anandikwera pamapewa. Ndinatuma Tiyezge kuti akawauze kuti pakufunika chitupa cha munthu wamkulu "pongolembetsa nambala." Mawu oti ngongole ndinawameza. Mkulu uja anabwera, anasaina pang'onopang'ono, anamujambula chithunzi, n'kubwerera ku ng'ombe zake. Pepala la pangano ndinalipinda kanayi n'kuliponya m'sutikesi osaliyang'ana n'komwe.

Madzulo a tsikulo amuna anga anaona nkhope ya mwana wawo koyamba. Anati, "Makutu ndi anga." Kwa miyezi itatu zonse zinali myaa. Wongani anakwawa bambo ake akuona, anamera mano bambo ake akuona, ndipo anayamba kuimirira pogwira mpando. Bamboyo anandilumbiritsa kuti phazi loyamba lisadzamuphonye.

Kenako panabwera uthenga. Chifukwa cha kugwa kwa kwacha, kuyambira Lolemba ndizilipira K1,100 patsiku. Ndinaseka. Ndinati awa sakundidziwa, ine ndinafika folomu 4 ndipo pologalamu ya pawailesi ya ufulu wa ogula sindiiphonya. Ndinapitiriza kutumiza K700 yanga mwamakani. Patatha sabata foni inada bii, n'kungotsala mawu ofiira ondiuza kuti ndili ndi zotsalira. Tsiku lomwelo Wongani anasiya mpando n'kuima yekha kwa kanthawi, akugwedera. Mtima unandithawa, poti mwana sadikira kampani.

Lachiwiri m'mawa ndinakwera matola wa ku boma. Njira yonse ndinkayeserera mawu chamumtima, mpaka mayi amene ndinakhala naye pafupi anandifunsa ngati dzino likundiwawa. Nditalowa m'shopu sindinapereke ngakhale moni. Ndinamenya foni patebulo n'kuyamba: za umbava wa masana, za kupondereza amayi akumidzi, za malamulo a dziko lino (sindinkadziwa ngakhale limodzi, koma ndinkawatchula ngati ndinawalemba ndine). Anthu a pamzere anasiya zawo n'kumandionerera. Ndinamva kukoma, ndisaname.

Mtsikana wa pakauntala, dzina lake Lusungu malinga ndi kabaji ka pachifuwa, anandidikira mpaka mpweya unandithera.

"Pepani chomene amama, ndamva. Tiyeni tione. Dzina la mwini foni?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndipo ndi nthawi yomweyo pamene ndinamva kutsokomola kumbuyo kwanga. Nditacheuka, maso anga anagwera pa mayi wina wa kumpingo kwathu, wa mudzi woyandikana nafe, amene nkhani sigona m'mimba mwake. Anandimwetulira.

"Dzina, amama?"

"Ndi... ndi agogo ake a mwanayu."

"Enya, koma dzina lawo?"

Munthu amene mphindi yapitayo ankagwedeza malata ndi mawu, tsopano ndinapempha cholembera. Ndinalemba dzinalo kuseri kwa lisiti. Lusungu anaona pakompyuta, n'kutembenuza kuti nane ndione. Panali nkhope ya atatavyala, chipewa chili chopendekeka, akundiyang'ana.

"Amama, pangano ili ndi la adada awa. Wodandaula akuyenera kukhala iwowo. Inu pano, pepani, kompyuta sikukudziwani."

Mayi wa kumpingo uja anakwera matola woyamba, ine wachiwiri. Nditafika pamudzi ndinapeza nkhani itafika kale, yasamba, yadya. Akuti mkamwana wa ku Dowa walowetsa atatavyala ake m'ngongole ndipo apolisi akubwera kudzatenga ng'ombe. Ndinalowa kukhitchini n'kulira. Ndinauza Tiyezge zonse kuti akanene momwe zilili, ndipo ndinayamba kuganiza za sutikesi yanga ndi msewu wa ku Dowa. Tiyezge sanachedwe kubwera.

"Akuti mawa mulawire. Mutenge pepala."

"Basi?"

"Mbwenu. Basi."

Tsoka lake, Lachitatulo Tiyezge anali ndi tsiku la kusikelo, ndiye tinanyamuka awiri opanda wotinyamulira mawu. Iwo anakhala kutsogolo ndi dalaivala, ine kumbuyo pamatumba a chimanga. Pa boma iwo patsogolo ndi ndodo yawo, ine mapazi khumi kumbuyo ngati sitikudziwana.

M'shopu muja Lusungu anawapatsa mpando. Anakhala, chipewa pabondo. Tsono ine ndikanatani? Kuima chilili pamutu pa atatavyala atakhala pansi, zosatheka. Ndinagwada pamatailosi, cham'mbali, nkhope kukhoma. Mlonda anabwera kudzafunsa ngati ndadwala. Lusungu anatiyang'ana tonse awiri kamodzi kokha n'kumubweza ndi dzanja. Ndinamva pambuyo pake kuti kwawo ndi ku Euthini, kumene mwambo wake ndi womwewu, ndiye sanafunike kuuzidwa chilichonse.

"Mwana wane," anatero atatavyala kwa Lusungu, "mufumbe mkamwana wanga, pepala ili likuti vichi. Maso ghane ghavuka, ndipo chizungu ine yayi."

Lusungu anatembenukira kwa ine, nkhope ili phee ngati ndi ntchito imene anailembedwera. "Akuti pepala likuti chiyani."

Pakati pa ine ndi mkuluyo panali mtunda woti nkhuku ingadumphe. Ndinamva ndekha zimene ananena, shopu yonse inamva, koma ndinadikira kuti mawu andipeze panjira yake. Ndinatambasula pepala lija, koyamba chilitengereni, n'kuyamba kuwerengera khoma ndikumasulira m'Chichewa. Lusungu ankatola mawu anga n'kuwapereka kwa eni ake. Anyamata awiri amene ankasankha mahedifoni analephera kupirira, anatuluka panja kukaseka.

Nditafika pandime yachisanu ndi chiwiri ndinaima kaye. Ndinabwereza kawiri. Inkanena kuti mtengo wa patsiku sudzasintha mpaka pangano litatha, pokhapokha mbali zonse ziwiri zitasainanso. Ufulu umene ndinkaukuwira dzulo lake m'malamulo a dziko lonse unali m'sutikesi mwanga miyezi itatu, pansi pa zitenje.

"Mufumbe, ine ndasainaso kachiwiri?"

"Akuti anasainanso kachiwiri?"

"Auzeni kuti ayi," ndinauza khoma.

Anaitana bwana wa shopuyo, bambo wa tayi ndi makiyi ambiri. Iye anafotokoza bwino ndithu: kwacha yagwa, mafoni amagulidwa kunja, kampani nayo ikulira, aliyense wakwezeredwa. Atatavyala anamvetsera mpaka kumapeto osamudula (chinthu chimene ine sindinachiyesepo chibadwire).

"Yewo, bwana, ndamva. Ine ndine munthu wa ng'ombe. Nkakugulitsani nkhunzi, tapangana mtengo, mwayamba kulipira, mwapita nayo. Pakati pa chaka chimanga chadula. Kasi ningabwere kwanu usiku, nimange nkhunzi ija miyendo, niti wonjezerani ndalama ndipo niyimasule?"

"Adada, izi n'zosiyana pang'ono..."

"Zikusiyana mpha? Longosolani, ine nkhupulika."

Bwana uja anayang'ana pepala, anayang'ana ndime ija, n'kunena kuti zimenezi amapanga ndi a kulikulu, iye alibe mphamvu. Atatavyala anagwedeza mutu mwaulemu. "Suzgo palije. Tilindirenge." Ndiye kuti palibe vuto, tidikira. Anapisa m'thumba la jekete, natulutsa chinangwa chophika chokulunga m'pepala, n'kuyamba kudya mosafulumira, pakati pa shopu, makasitomala akuwalambalala.

Apa ndi pamene Lusungu anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Anatulutsa fomu ya madandaulo m'dirowa, bwana wake ali pomwepo, n'kunena mofatsa kuti kasitomala aliyense ali ndi ufulu wolemba dandaulo ndi kupatsidwa nambala yake, ndipo ngati sizitheka angathe kupita nalo ku bungwe loona za ogula. Anandibweretsera fomuyo pansi pomwe ndinali, pamodzi ndi katoni yoti ndiike kumawondo. Ndinalemba nditatsamiritsa pakatoni ina, mkulu anasaina. Bwana anatenga fomu ndi pepala n'kulowa mu ofesi, foni kukhutu.

Tinadikira mpaka dzuwa linapendeka. Miyendo inachita dzanzi, Wongani anandikodzera kumsana, chinangwa chinatha. Kenako bwana anatuluka akupukuta thukuta. Akuti amene anasaina mtengo usanakwere sankayenera kukhudzidwa, anangowaphatikiza onse molakwitsa. Anapepesa. Foni ija patebulo inawala, nkhope ya Wongani n'kuonekera. Ndinatsala pang'ono kululuta.

Ndinatambasula dzanja. Koma Lusungu, mwana woleredwa bwino, anainyamula ndi manja awiri n'kuipereka kwa mwini wake wa papepala.

"Foni yanu, adada."

Atatavyala anaitembenuza uku ndi uku. "Ohoo. Kasi ni yane?" Anailowetsa m'thumba mmene munali chinangwa muja. Ataimirira anati kwa Lusungu, "Yewo chomene, mwana wane. Ndipo umuphalire mkamwana wanga: tsiku lina akafuna kundilowetsa mu ngongole, aziyamba wanena. Nkanavala jekete pa chithunzi chija."

"Akuti..."

"Ndamva," ndinanong'oneza, misozi ili mbwee, theka manyazi theka kuthokoza. Chilango changa chonse chinali chomwecho.

Mpaka lero foni imakhala m'jekete mwawo (K700 ndimalipirabe ine, musadandaule). Tsiku lililonse cha m'ma folo koloko amakhala pakhonde, Tiyezge amawaimbira ku Joni, ine ndimabweretsa mwana n'kukhala pamphasa chapatali. Loweruka la sabata imene tinapita kushopu ija Wongani anachoka pamphasa yanga n'kuponya mapazi anayi kupita pamawondo a agogo ake, iwo atagwira foni ndi manja onse awiri kuti isagwedere. Kuchokera ku Joni kunamveka mwamuna wamkulu akulira ngati mwana. Atatavyala anayang'ana kumbali n'kumakonza chipewa chimene chinali bwinobwino.

Poyamba ndinkadandaula kuti nkhani za ine ndi amuna anga zathera pomwepo, poti pamaso pa atatavyala ungamuuze chiyani mwamuna kupatula za feteleza? Koma mkuluyo akayankhula ndi mwana wawo pang'ono, amaika foni pampando, n'kuuza galu kuti, "Nkhaone ng'ombe kuchiŵaya." Ndiye amapita kukhola. Nthawi imeneyo ng'ombe zimakhala zisanabwere kuchokera kudambo, aliyense pamudzi akudziwa. Munthu wamkulu amakaima theka la ola, atatsamira mpanda, akuyang'ana ndowe.

Lusungu anandiuza kuti tikhoza kusintha pangano kuti likhale m'dzina langa, n'zosavuta. Ndimangoti ndibwera. Mapepala masiku ano ndimawerenga ndisanawapinde, pakamwa pokha mpomwe sipanasinthe kwenikweni. Koma ndikasuzumira kukhola n'kuona chipewa chija pamwamba pa mpanda, ngakhale ine wailesi ndimasowa chonena, mpaka wa ku Joni amafunsa ngati netiweki yathawa.