Thovu Limene Linakana Kuphulika

Pali zinthu zimene munthu ukazikumbukira umaseka, koma mantha ali pomwepo. Ichi ndi chimodzi mwa izo, ndipo mkazi wanga mpaka lero saseka nawo.

Tinali titangobwerera kwathu ku Ngauma kuchokera ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Nyumba tinamanga pabwinja lathu lomwe, koma kumunsi kwa bwalo, ukangodutsa mtengo wa mango, kunali mzere wa miyala yopakidwa utoto wofiira. Kuseri kwa miyalayo kunali mabomba okwirira amene anali asanazulidwe. Mwana wathu Rozita, wa zaka zinayi, tinkamuuza m'mawa ndi madzulo kuti miyala yofiira sawoloka. Ankagwedeza mutu ngati wamva.

Ndiye ine, munthu wamkulu ndi ndevu zanga, ndinagwidwa matenda a thovu. Ku msasa kuja ndinaonapo namwino wina akusangalatsa ana ndi timitengo tiwiri tolumikizidwa ndi chingwe: kuviika m'madzi a sopo, kutambasula, thovu lalikulu ngati dzungu n'kuuluka. Ndinati nanenso ndimuonetse mwana wanga chinthu chokongola, poti anakulira pamzere wolandirira ufa.

Vuto linali chingwe. Ndinayamba ndi luzi, koma linali louma gwa, osapindika. Khonje linali ndi tiubweya tobaya, thovu likati liyambe, phu. Nayiloni wa ukonde amene ndinapempha kwa msodzi wa ku Amaramba sankamwa madzi n'komwe (koma fungo la nsomba ankapereka mosaumira). Ndinafika pomasula ulusi wa mkono wa juzi yanga. Sopo waufa amene mkazi wanga anagula ku Mandimba ankangotsika m'paketi.

"Bambo a Rozita, anzanu ali ku mashamba kulima chimanga, inu mukulima thovu?"

Anatero mkazi wanga. Ndinali nditazindikira kuti pakufunika chingwe cha thonje, chofewa, chomwa madzi. Pakhomo ponse chinalipo chimodzi chokha, chimene ndinkamangira buluku m'chiuno (lamba ndinali nditamuiwala maonekedwe ake). Ndinachisolola, buluku n'kulipanikiza ndi chigongono.

Thovu linatuluka, abale anga. Lalikulu kuposa mtsuko, lonyezimira, ndipo silinaphulike. Apongozi anga aakazi, amene ankasankha nyemba pakhonde, anadzutsa mutu. Ndinamva kukoma mumtima.

Kenako kamphepo kanalitenga n'kulowera nalo kumunsi. Rozita analithamangira, maso kumwamba, manja kumwamba.

"Rozita, ima!"

Sanamve. Ndinataya timitengo tija n'kuliyatsa liwiro, koma buluku linatsika n'kundikola m'mawondo. Ndinagwa chafufumimba. Ndinadzuka, ndinagwanso. Mwana anadutsa mtengo wa mango. Miyala yofiira ija ndinkaiona pakati pa timiyendo take. Mantha otero sindinawamvepo ngakhale tsiku limene tinkathawa nkhondo. Masiku onsewa ndinkafunafuna thovu losaphulika, ndipo apa ndinali chigonere m'fumbi, matako pamtunda, kupempha Mulungu kuti liphulike.

Linakhudza nsonga ya udzu n'kuphulika. Rozita anaima, phazi litatsala pang'ono kugunda mwala, n'kuyamba kulira thovu lake. Amake, amene sindinaone kumene anatulukira, anamunyamula n'kubwerera naye kumtunda.

Apongozi anali ataphimba nkhope ndi nsalu yawo ya kapulana. Ine sanandilankhule, anauza mwana wawo.

"Mwananga, uwauze amuna akowo avale kaye."

Ndinavala, chingwe chili chonyowa, chikuterera ndi sopo. Tsiku lonselo palibe amene anandikalipira, ndipo bola akanatero.

Dzuwa litapendeka, Rozita anabwera kudzakhala pamwendo panga, misozi itauma.

"Ababa, mawa mupange lina lalikulu."

Ndinayang'ana amake, nawo anandiyang'ana. Ndinamuuza mwanayo kuti sopo watha. Sanathe ayi, koma kufikira tsiku limene akatswiri anazula mabomba aja, pakhomo pathu sopo anali wochapira basi.