Matabwa Khumi ndi Atatu a Malemu Bambo

Usiku watha ndinalota maloto oti mpaka pano utuchi wake ukundinunkhirabe m'mphuno. Koma ndiyambe ndakukumbutsani, anzanga, nkhawa imene ndinagona nayo. Mlongo wanga Edina akumanga nyumba yosanja ku Machinjiri, ndipo masitepe a m'kati anandipatsa ine, ngakhale moyo wanga wonse ndakhala ndikukhoma zitseko ndi mipando basi. Mukudziwanso matabwa a mlombwa aja malemu bambo anasiya kudenga la shedi yawo ku Luchenza, khumi ndi atatu, oti zaka makumi awiri chiswe chimangowalambalala. Ndinkafuna adzukulu awo aziponda pamenepo. Dzulo ndinayeza kuchokera pansi kufika m'chipinda cha m'mwamba, ndinagawa ndi msinkhu wa sitepe imodzi, n'kupeza masitepe khumi ndi anayi. Thabwa limodzi linaperewera, ndipo mlombwa wotere masiku ano muupeza kuti? Edina anati, "Achimwene, zosakaniza ndi paini ine ayi. Mawa m'mawa a Chikopa owotcherera adzakutengani mukawaonetse malo, aike achitsulo."

Ndiye m'malotomo ndinapezeka ndili m'shedi ya bambo, dzuwa lili paliwombo, sitima ikulira kusiteshoni monga inkachitira tili ana. Matabwa aja anali atakhala pabenchi mondondozana ngati odwala odikira dokotala. Ndinawawerenga, khumi ndi atatu. Ndinabwereza, khumi ndi atatu. Lakumapeto, lija lili ndi mfundo ngati diso, linatsokomola.

"Watiwerenga mokwanira, Fanuelo. Ife sitiswana."

"Nanga mnzanu wina ali kuti?"

"Funsa tepi. Ndi imene inayambitsa nkhaniyi."

Ndiye tepi yoyezera inatuluka yokha m'thumba langa, n'kutambasula lilime lake lachikasu mpaka pakhomo. Inati, "Ine ntchito yanga ndi kutchula manambala. Kuganiza ndi kwanu." Itatero inabwerera mwaukali n'kundimenya chala. Levulo ya bambo, yoonera ngati chinthu chapendekeka, inali pakhoma, kadiso kake kamadzi kakuyendayenda, ndipo inangoti, "Mwana uyu anapendekeka kuyambira kale." Sowo inaseka, mano onse poyera.

Mwadzidzidzi shedi ija inayamba kuyenda panjanji, ine nditakhalira ndowa ya misomali ngati wokwera wosowa mpando. Misomaliyo inkakangana pansi panga. Ya mainchesi anayi inkati mitanda iwiri ya m'mbali, imene imasenza masitepe onse, ndi yawo. Ya mainchesi atatu inkati popanda iyo palibe thabwa lingagone tulo. Guluu ali pakona ankangoti, "Kanganani, koma wogwira banja lino ndine."

Ndiye tinaima pa ofesi ina yopanda chikwangwani, yodzaza mafayilo mpaka kudenga. Munali bwana wa tayi yofiira, chidindo chili m'manja.

"Bwana, ndikufuna thabwa limodzi la mlombwa."

"Fomu yopempha mtengo mwadzaza?"

"Ayi, bwana."

"Nanga mtengowo wasayina kuti ukuvomera?"

Ndisanayankhe anayamba kumenya chidindo patebulo, go go go, mphuno ikutalika, tayi ija ikukwera kumutu mpaka inakhala tsumba lofiira. Bwanayo anasanduka gogomole, mbalame yogogoda mitengo ija, n'kuyamba kuboola mwendo wa tebulo lawo lomwe. Anandilozera kwa alembi ndi phiko. Alembiwo anali aulemu kwabasi. Anandipatsa mpando, anandifunsa za kunyumba, kenako mmodzi ananong'ona, "Matabwa enawo, akulu, mumasunga pati? Tikufuna tikangowaona." Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti makolala awo ndi adothi ndipo mitu yawo ikufiira. Chinali chiswe chokhachokha, anzanga, chovala majekete! Mpando ndinakhalirawo unali utatha kale miyendo iwiri.

Ndinaliyatsa liwiro. Ndiye pothawapo ndinangolowa m'nyumba ya Edina, koma fungo lake linali la shedi ya ku Luchenza, ndipo wailesi ya bambo ija yomangidwa ndi mphira inkalira penapake m'mwamba. A Chikopa anali pakona, nkhope itabisika m'chigoba chowotcherera, akuyang'ana wotchi. Edina anaima pakati pa chipinda, manja ali m'chiuno.

"Achimwene, ana anga azikwera ndi chingwe?"

Mwadzidzidzi matabwa aja analowa pakhomo mondondozana n'kudzisanja okha m'malere, lina pamwamba pa linzake, popanda mtanda kapena msomali. Pamwamba penipeni, m'mphepete mwa chipinda cha m'mwamba, panakhala bambo, miyendo ili lendee, atavala ovolosi yawo yabuluu yong'ambika pabondo, pensulo ili kukhutu. Sanakalambe ngakhale pang'ono. Wa imvi ndinali ine.

"Iwe Fanuelo, ukuzunguliranji m'maofesi ngati wataya mbuzi?"

"Bambo, matabwa munasiya aja ndi operewera."

"Ine Jailosi? Amene ndinamanga masitepe m'nyumba za mabwana kumaesiteti a tiyi?" Anaseka mpaka wailesi inakhala chete. "Kwera. Ukanyamula mwendo, uziwerenga mokweza."

Ndinayamba kukwera. Sitepe iliyonse inali yotalika chikhatho chimodzi chotambasula, muyeso wawo uja ankati ngakhale wosenza ndowa pamutu akwere osaganizira za mapazi. Thabwa loyamba linanunkhira tiyi wa m'botolo amene ankandigawira masana. Lachisanu linali ndi chipsera cha pamene ndinalicheka ndi sowo ndili mwana, ndipo nditaliponda linati, "Sindinaiwaletu." Lachisanu ndi chinayi linkaimba likhweru, nyimbo ya kwaya imene bambo ankaimba popala matabwa. Ndinkakwera pang'onopang'ono, anzanga, chifukwa sindinkafuna kuti athe. Koma anatha. Ndinaima pa la diso lija, mwendo umodzi uli m'malere.

"Ndakwera kakhumi ndi katatu, bambo. Kwatsala kamodzi, ndipo palibe poponda."

"Nanga ine ndakhala pa chiyani? Pamtambo?" Anamenya simenti ya chipinda cha m'mwambacho ndi chikhatho. "Bweretsa mwendowo."

Ndinaubweretsa, n'kuponda pambali pawo penipeni.

"Kangati?"

"Kakhumi ndi kanayi."

"Matabwa angati?"

Ndinacheuka kuyang'ana pansi. Onse khumi ndi atatu ankagwedezeka ndi phwete.

"Sitepe yomaliza saipalira thabwa, mwanawe. Ndi chipinda chimene ukupitacho. Ndinakuuza uli wa makabudula, koma iwe maso anali pa sitima."

Ndinakhala pansi pambali pawo, miyendo yanga ili lendee ngati yawo. Ndinafuna kuwauza zambiri, kuti Edina ali ndi ana atatu tsopano, kuti wamkulu amaseka ngati iwo, kuti pensulo ndimaikabe kukhutu lamanzere. Koma pakamwa panga panangotuluka funso la ntchito.

"Nanga chogwirira pokwera, bambo?"

"Chifike m'chiuno mwa mlongo wako, osati mwako. Iwe unatalika zopanda pake."

Anandigwira paphewa, dzanja lawo lokakala ngati sandipepa. Ndiye mwadzidzidzi gogomole wa tsumba lofiira uja analowa pawindo n'kutera pakati pathu. Bambo anati, "Kamutsegulire mlendo wako," ndipo mbalameyo inayamba, go go go, go go go.

Ndinatsegula maso. Kunja kunali kutayera, ndipo anali a Chikopa akugogoda geti ndi kiyi wa njinga yamoto. Sindinathamangire kukatsegula. Ndinatola pensulo, ndinajambula masitepe papepala la thumba la simenti, n'kuwerenga ndi chala malo oponda, kawiri. Khumi ndi atatu. Ndinakankha windo n'kufuula, "A Chikopa, pepani mwadzivutitsa, matabwa akwana!" Koma iwo chipewa cha njinga chinali chidakali kumutu, sanamve kanthu. Anangopitiriza, go go go, go go go.