Adzukulu Anakana Kudzandinyamula

Amene akuti ndikunama aimike dzanja ndimuone nkhope. Iwe Yobu, ndakuona ukusekera m'chipewa, chonsecho mimba yako yagona kale pa thanki ya njinga yamotoyo. Khalani pansi nonse, dzuwa lili pamutu chonchi palibe kasitomala abwere pa siteji pano. Ine Wiskoti Chabwera, amene mukundiona lero ndili ngati mpini wa khasu, ndinali munthu wonenepa kuposa aliyense kuchokera kwa Kanduku mpaka ku Zobue, ndipo ngati ndikunama mphenzi indipeze pompano ngakhale kuli chilimwe.

Chinandinenepetsa ndi unkhoswe. Mukudziwa kuti nkhoswe akafika pakhomo kudzayanjanitsa banja lokangana nkhuku imafa, ndipo kukana chakudya cha eni nyumba ndi chipongwe chachikulu. Tsono ine pakamwa panga panali pokoma, maanja onse a m'mapiri muno ankafuna ine, ndiye m'mawa ndikayanjanitse awa, tambala wagwa, masana awo bambo agona kumowa, thadzi lagwa, madzulo enanso alimbirana wailesi, bakha wagwa, mpaka nkhuku za kwa Nthache zikangomva kuti penapake mbale zasweka zinkayamba kutsanzikana zokhazokha. Amuna ena ankayambitsa ndewu dala kuti alawe nawo msuzi. Mukumva?

Ndinakula, abale anga. Lamba anandikana, ndinkamanga chubu cha thiraki. Mapazi anga ndinasiyana nawo osatsanzikana, ndinkangomva kwa anthu kuti ali bwino. Mthunzi wanga unkafika kumsika ine ndisanatuluke m'nyumba, amayi ankandichonderera kuti ndisadutse pomwe ayanika ufa chifukwa suuma, ku malire ndinkaima pamzere wa mathiraki poti pachipata cha anthu sindinkakwana, ndipo tsiku lina ndikuwodzera pansi pa mtengo wa manachesi thadzi lina linaikira mazira mumkwinya wa mimba yanga, linafungatira, linaswa, ine osadziwa, ndinangomva kuti piye piye m'malaya. Anthu akandiona ankati, "Bwana akupeza bwino," ine n'kumamva kukoma, pamene kungodzuka pampando mtima unkagunda ngati chigayo.

Tsopano mvetserani pamene panavuta. Ine kuno ndine mkamwini, ndinabwera kudzakwatira anaMbewe. Kwathu ndi kuseri kwa phiri ilo, ndipo manda athu ali pamwamba pa chitunda, kumene galimoto sifika, ngolo sifika, maliro amakwera pamapewa a anthu. Kumeneko ndi kumene anagona mayi anga. Akudwala komaliza anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Wiskoti, kulikonse ungakwatire, udzabwere udzagone pambali panga." Ndinavomera.

Ndiye tsiku lina kunabwera adzukulu anayi, aja amakumba manda ndi kunyamula maliro a kwathu, a Jailosi ali patsogolo. Adzukulu mumawadziwa, saopa munthu, chipongwe ndi ufulu wawo. Mipando anaikana. Anandizungulira, anamasula chingwe cha mbuzi n'kuyamba kundiyeza m'chiuno, chingwe chinatha, analumikiza china, chinathanso, mbuzi zonse za apongozi anga zinalowa m'munda wa eni ake. Kenako a Jailosi anati, "Madala, tabwera mudakali moyo kuti musadzadandaule. Mukafa muli chonchi, ife chitunda chija sitikwera nanu. Tidzakukwirirani pomwe mwagwerapo, olo pakhale pamsika."

Ndinaseka nawo. Koma atachoka ndinalira, ine ndithu, nkhoswe wa maanja onse aja. Imfa sindinkaiopa ayi. Chinandiwawa n'chakuti ndidzagone kwa eni, mayi anga akundidikira pachitunda, malo ali pambali pawo akumera udzu.

Poyamba ndinachita zopupuluma, monga mungachitire inu. Ndinagula botolo la mankhwala kwa mkulu wina wa ku malire amene analumbira kuti limasungunula mafuta munthu ali gone. Abale, botolo lija linandithamangitsa, ndinadzaza chimbudzi chathu, cha apongozi, cha aneba, mudzi wonse unayamba kukumba zatsopano n'kumandibisira. Nditachira ndinati basi ndisiya kudya, ndinakhala ndi njala mpaka ndinkaona anthu awiriawiri, kenako ndinadutsa pa ukwati wina, fungo linandikoka, ndinakomoka ndili chilili, podzidzimuka ndinapeza ndagwira nyanga zokha, mbuzi yonse yatha, eni ukwati akudyera mchere. Mafuta aja anabwerera, ndipo anabwera ndi abale awo.

Apa ndi pamene anaMbewe analowererapo. Anatenga beseni lomwe ndinkadyera n'kuliika kubafa, anandipatsa chivindikiro cha poto. Anati, "Bambo a Esinati, simunanenepe tsiku limodzi. Chimene chakwana apa ndi chanu, chotsala si chanu." Anandiyambitsa nkhwani, chisoso ndi bonongwe ndisanakhudze china chilichonse, shuga wa mu tiyi yemwe ndinkathira ndi chipande anatsikira pansonga ya supuni, zakumwa za m'botolo zinalowedwa m'malo ndi madzi a pamjigo. Ndinkadya pang'onopang'ono, ndikutafuna ngati ng'ombe yopanda kopita.

Koma nanga nkhuku za unkhoswe? Kukana sindikanatha, ndikananyozetsa anthu. Ndinaganiza mpaka tsitsi linatuluka utsi, ndipo nzeru inabwera. Mukudziwa kuti ulemu wa mlendo uli pa nthutumba. Ndiye nkhuku ikabwera ndinkasamba m'manja bwinobwino, n'kutenga nthutumba yokha, kudya anthu onse akuona, kuyamikira wophika, kenako mbale yonse n'kuikankhira kwa okanganawo, ndimvekere, "Chigamulo changa n'chakuti mudye m'mbale imodzi, ine ndikuonerera." Palibe ananyozeka. Ndipo mwamuna ndi mkazi akagwirana zala mumsuzi, wina wamusiyira mnzake ntchafu, ndewu inkathera pomwepo. Milandu inachepa, nkhuku zinaswana mpaka zinkatseka msewu, atambala akandiona ankaima chilili kundichitira sawatcha. Mukumva?

Chinanso ndinayamba kuyenda. Ndinati njira imene adzukulu akuikana ndiidziwe ndekha. Tsiku loyamba ndinathera pankhokwe, anakanditenga pa wilibala. Mawa lake ndinafika pamjigo. Osafulumira, osadumpha tsiku, mvula kaya dzuwa, mpaka ndinayamba kukwera chitunda chenichenicho kukathera pamtengo wa msuku uli m'mphepete mwa manda, poti kumanda salowako wamba. Thukuta limene ndinkakhetsa linakumba khwawa, anthu anatsegula madimba m'mbali mwake, tomato amene mumadyera tchipisi pa siteji panoyu amathiriridwa ndi thukuta langa, mafuta ankayenderera m'miyendo amayi n'kumanditsatira ndi mabotolo kukakazingira zitumbuwa, agalu onse a m'njiramo ananenepa pongonyambita mapazi anga, ndipo kanjira kambuzi kaja ndinakapondaponda mpaka lero mumathamangitsamo njinga zanu osandithokoza.

M'mawa wina ndikuwerama ndinaona zinthu ziwiri zakuda pansi. Ndinadumpha, ndimayesa akamba. Anali mapazi anga. Tinapatsana moni, ndinawafunsa za kumudzi.

Anthu nawo sanagone. Omwe aja ankati bwana akupeza bwino anayamba manong'onong'o, ati a Chabwera akudwala, ati awalodza, ati anaMbewe akuwamana chakudya, amayi ena a kutchalitchi anabwera kudzandiimbira nyimbo za odwala ine ndikuwaza nkhuni. Ndinawasiya alankhule, poti pakati pa onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe wodzanyamula bokosi langa.

Chaka chitatembenuka ndinaitanitsa adzukulu aja. Anazula chitseko, anandigonekapo kuti ayese. A Jailosi anandinyamula ndi dzanja limodzi, linalo akufwenkha fodya, ndipo pomwepo kunadza kamvuluvulu, kananditenga ndi chitseko chomwe, ndinadutsa pamwamba pa mathiraki onse, ndinakatera ku Zobue, ndinagula chitenje cha anaMbewe, ndinabwerako wapansi chitseko chili pamutu, tiyi wanga asanazizire. A Jailosi anati, "Madala, tsopano mutha kufa."

Ndinakana. Munthu wavutika chonchi afe chifukwa chiyani?

Koma ndikuuzeni, mafuta sapita kutali. Anga amakhala kuseri kwa khitchini ngati galu, kudikira Khirisimasi. Tsiku lina ndikadya mopitiriza pa chinkhoswe ndimawamva akukanda chitseko. Sinditaya mtima n'kunena kuti basi zonse zawonongeka, ayi, kukacha ndimabwerera pachivindikiro changa ndi pachitunda changa, iwo n'kubwerera kuseri. Buluku langa lakale ndinapatsa adzukulu, ndi tenti ija mumakhalamo pamaliro, mwendo umodzi amayi, winawo abambo.

Zaka zapitapo tsopano. Mwa adzukulu anayi aja, atatu ndanyamula kale ine, phewa ili, ndipo sindinapumire panjira. Otsala ndi a Jailosi, omwe nyama ya pamaliro yawakuza mpaka akuyendera ndodo. Mwezi watha anabwera kunyumba kwanga akupuma mwa befu, amvekere, "Madala, nanga ine mudzandinyamula?" Ndinangopita kukamasula chingwe cha mbuzi.

Ndiye mukufunsa kuti ine adzandinyamula ndani? Inu, amene kupita kokagula machesi mumalizira injini? Musavutike. Njira ndikuidziwa mwala uliwonse. Tsiku langa likadzakwana ndidzasamba, ndidzavala jekete, ndidzakwera chitunda ndekha kukagona pambali pa mayi anga monga ndinalonjezera, inu mudzangobwera ndi makasu. Ndipo iwe Yobu udzanyamuke kusanache, chifukwa ndi mimba imeneyo udzandipeza nditadzikwirira kale.