Yoyo Yathu Yapita ku London

Lolemba, 15 Meyi 1933

Chiperoni. Mabandeji kuno kuchipatala cha pa esiteti sakuuma.

Loweruka gulu lathu la yoyo likumana ndi la ku Bvumbwe, pamsika wawo. Lamulo ndi limodzi: woyendetsa yoyo nthawi yaitali, kutsika n'kubwerera m'manja osakodwa, wapambana. Tcheyamani wogonja anyamula wopambana pa machila kuzungulira msika. Tcheyamani wa kuno ndi ine. Wa kumeneko ndi a Mukhito, telala, munthu wonenepa ngati thumba la nandolo. Atumiza mawu: "Adotolo adye bwino sabata ino, ine ndimalemera."

Mwano! Koma sindikukwiya. Zoona ndi izi:
yoyo yathu ndi ya m'sitolo ya Mmwenye ku Limbe, yofiira, yosalala;
yawo ndi yosema okha;
ine ndinawerenga za masewerawa m'nyuzipepala ya bwana, a Mukhito sanawerengepo kanthu kupatula tepi yoyezera.

Lachiwiri

Kuyeserera kuseri kwa fakitale. Yoyo ikutsika bwino, kubwera ikubwera mwaulesi. Anzanga akuti a ku Bvumbwe aiponda. Akufuna kupita nayo kwa sing'anga ku Khwethemule. Anthu akuluakulu, ena a iwo oimba kwaya!

Ndikuwafotokozera mofatsa: mtengo ukamwa chinyezi umatupa, mpata wa pakati umachepa, chingwe chimakanirira. Palibe mfiti apa, pali nkhungu. A Nampuntha, amene amasonkha moto pa makina owumitsira tiyi, akuti: "Nanga nkhunguyo waituma ndani?"

Yoyo ndaikana. Apita okha opanda yoyo.

Lachitatu

Abwerako ndi kansupa ka mafuta akuda, onunkha ngati mbuzi yonyowa. Ati tipake chingwe. Ayi! Ndakaponya pansi pa kama.

Njira yanzeru ndi iyi. Chonyowa chimafuna kuumitsa. Pa esiteti pano chimene chimaumitsa bwino kuposa zonse ndi makina a tiyi. Ndapereka yoyo kwa a Nampuntha, ndawauza momveka: aiike pambali pa makinawo, pofunda, isakhudze moto. Avomera katatu. Sayansi.

Lachinayi

Yoyo kulibe!

Ndikulemba modekha. A Nampuntha anaona kuti pambali pakuchedwa, anaiika m'thireyi pamodzi ndi masamba. Kapitawo atatulukira, anaikwirira ndi tiyi kuti asaione. Tiyi wa dzulo ankafunika mwachangu, sanadutse pa sefa. M'bokosi, misomali, lole, Luchenza, sitima.

A Nampuntha ati: "Komatu inauma, adotolo. Ndinaikhudza."

Inauma!

Ndathamangira kokhomera mabokosi. Onse ofanana, ndipo a dzulo apita kale. Ndafunsa kapitawo kuti akulowera kuti. Ati ku Beira, kenako London. Afunsa kuti ndikufunsiranji. Ndati ndimakonda jogalafe.

Lachisanu

Zotheka:
kupita ku Limbe. Bwana akana, odwala chifuwa adzaza khonde.
Kalipentala aseme ina. Ali ku maliro, abwera mkuja.
Kudwala. Sindingathe, wolemba odwala ndine ndemwe.

Ndapanga yanga. Zivindikiro ziwiri za zitini za mankhwala, kamtengo pakati, mtovu wa m'mabokosi a tiyi kuti ilemere mofanana mbali zonse, ulusi wa telala wopota kawiri. Ndayeza pa sikelo ya kwinini. Pa mfundo zonse za m'mabuku iyenera kuposa ya ku Limbe. Ikulira ngati belu la njinga, koma ikubwera.

Mayi a kunyumba akuti: "Bambo, ndikusokereni kapilo ka paphewa?" Ngakhale m'nyumba mwanga!

Loweruka

Msika wadzaza. Ogulitsa nthochi asiya nthochi zawo.

A Mukhito ayamba. Kayoyo kawo kakuda, kopindika, kopakidwa mafuta onunkha ngati mbuzi yonyowa. Fungo lomwelo! Sing'anga yemweyo! Akungoyendetsa uku akucheza ndi amayi a mandasi, osayang'ana n'komwe.

Ine. Yatsika, yabwera. Yatsika, yabwera. Yatsika. Chivindikiro chimodzi chathothoka, chagubuduka pakati pa miyendo ya anthu mpaka m'ngalande. Chinacho chatsala chikulendewera pa chala changa.

Machila anali okonzeka kale, nsalu yatsopano, a Mukhito anasoka okha Lolemba. Ine kutsogolo, a Nampuntha kumbuyo. Gulu langa lomwe likuimba nyimbo ya amachila, m'mawu anayi, bwino kuposa kutchalitchi. A Mukhito ali gone, chipewa kumaso: "Pang'onopang'ono anyamata, bwana akupuma." Pa milu ya kabichi ati tibwererenso, sanaone bwino.

Amene ndinam'manga chilonda sabata yatha wandikuwiza kuti ndikweze mapazi.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Mkono sukukwera. Ayodini sakuthandiza, ndipo ndikudziwa chifukwa chake: vuto lili m'minofu, osati pakhungu.

Dzuwa latuluka lero, poti ntchito yake yatha. Penapake pa nyanja pali bokosi la tiyi wa ku Thyolo lokhala ndi yoyo youma bwino kwambiri mu Nyasaland muno. Pamenepo pokha sindinalakwe.

Mayi a kunyumba posesa apeza kansupa kaja pansi pa kama. Andipaka paphewa osandifunsa. Ndinalibe mkono wokanira.

Ululu wachepa. Chifukwa chake sindifufuza.