Duwa la Pepala Limene Munandilanda

Sukulu ya Pulaimale ya Muraedo,
Chilumba cha Muraedo, Korea.

Kwa Olemekezeka Akulu a Zamaphunziro m'Chigawo Chathu,

Bwana,

Ndawerama mpaka chipumi kugunda pansi, ine kamphunzitsi ka ana asanu ndi awiri, kuno kumene boti limafika nyanja ikalola. Ndalemba kuti ndithokoze.

1. Zikomo chifukwa cha mawu anu a pa Tsiku la Aphunzitsi, akuti malipiro enieni a mphunzitsi ndi chikondi cha ana. Zoona zokhazokha! Zaka makumi awiri ndakhala ndikudyera mpunga mawu amenewa, ndipo mkazi wanga akuti ndi ndiwo yabwino, kungoti sikhalitsa m'mimba.

2. Zikomo chifukwa cha lamulo loti duwa la tsikulo liziperekedwa ndi mtsogoleri wa kalasi yekha, pamaso pa onse, kuopa ziphuphu. Tsoka lake, Bong-hui sanalimve. Ndi mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, mayi ake amalima ndere za m'nyanja, ndipo chibwerereni chaka chatha anali asanatsegulepo pakamwa m'kalasi kapena kulemba mzere wathunthu. Ndakhala ndikutsala naye anzake akaweruka, kumuphunzitsa chilembo chimodzichimodzi. Tsikulo anandipeza pakhomo ndikuvula nsapato, n'kundiika m'manja duwa lofiira lopangidwa popinda pepala, amvekere, "Aphunzitsi, m'katimo ndalembamo." Basi, liwiro. Bwana, ndinalira, bambo wamkulu wadazi ine.

3. Zikomo koposa chifukwa cha a Pyeon, oyendera masukulu amene munatitumizira tsiku lomwelo. Maso ndiye ali nawo! Denga lodontha sanalione, chotenthetsera chimene chinafa m'nyengo yozizira sanachione, koma duwa pa thumba la malaya anga analiona akadali pageti. Anafunsa ngati Bong-hui ndi mtsogoleri wa kalasi. Ndinati ayi. Anafunsa ngati panali mboni. Ndinati panali nsapato zokha. Pomwepo duwa m'envulopu, chidindo phaa, ndisanalitambasule n'komwe. Ndinkati ndikawerengere kunyumba, pandekha.

Mlanduwo sindikukana. Chiphuphu ndinalandiradi, ndipo chagwira ntchito yake: mwanayo atati ndikhale pachilumba pano zaka zina makumi awiri, ndikhala osafunsa kanthu.

Koma vuto langa nali. M'mawa uliwonse Bong-hui ankaima pa tebulo langa n'kumangondiyang'ana, kudikira kuti ndinene kanthu pa zimene analemba. Lolemba ndinati magalasi ndaiwala. Lachiwiri ndinati tikambirana mawa. Lachitatu sanaimenso, ndipo pakamwa paja patsekekanso. Ndikuopa, Bwana. Mwana wotere akaona kuti mawu ake agwera pansi, sabwereza msanga.

Tsono ndikupempha, manja onse awiri pamodzi. Komiti yanu yoweruza mlanduwu ikakhala pansi Lachisanu, chilango mundipatse chimene mwakonda. Malipiro mudule, ntchitoyo singakuchedwetseni ku nkhomaliro. Duwalo musunge, ndi umboni wa boma. Koma chonde, ndi zala zanu zolemekezekazo, mulitambasule pang'onopang'ono, poti analimata ndi mpunga, ndipo muniimbire foni, mundiwerengere zimene zilimo kuti Lolemba ndikhale ndi chomuyankha mwanayo.

Zilembo zake zikakuvutani, musachite manyazi. Kwerani boti mubwere. Mpando ulipo, ndipo ochedwa kumva ndiwo ntchito yanga.

Ine wopanda pake pansi pa mapazi anu,
Tak Man-su,
Mphunzitsi wa kalasi yachitatu, ndi ena onse.