Mabowo a Bambo a Tiyese

Usiku wathawu ndinalota maloto otopetsa, anzanga, moti ndadzuka ngati ndachokera ku ganyu. A Esinala, tasunthani ndikhale, ndipo chikwamachi musachinyamule, muthyoka msana. Muli mpira uja wa bolingi, masewera ogubuduza mpira kugwetsa zibonga, wa malemu amuna anga, bambo a Tiyese.

Paja mukudziwa kuti achibale awo atabwera kudzagawana katundu anasesa zonse, mipando, wailesi, ngakhale mbale zogamphuka. Mpira wokhawu ndiwo anausiya. Alamu anga anaunyamula n'kuutula msanga, amvekere, "Chimwalachi muzitsekerera chitseko." Ndiye ndi umene ndakhala ndikugubuduza Loweruka lililonse kukagwetsa zibonga zija. Koma mabowo ake atatu anaboola potengera dzanja la malemuwo. Iwo anali amanzere, zala ngati chinangwa, ndipo poponya ankapotokola mkono kuti mpira ukhote. Ine ndimaponyera lamanja, tizala tanga ndi iti. Pano mkono watupa, ngakhale kufinya chovala ndikulephera. A Chikwenga, amene amaboola mipira kumene timasewera kuja, anandiuza mosapita m'mbali kuti, "Mayi, mulole ndimate mabowo a abambowa ndiboole anu, apo ayi masewerawa muwasiye." Ndinati ndikaganize. Mvula yabwera n'kupita ndikuganizabe.

Ndiye m'malotomo ndinapezeka ndili pamzere ku ofesi ina yake yoona za mabowo, dzuwa lili paliwombo, mpira ndaubereka kumbuyo ndi chitenje. Pansi panali thabwa loterera ngati lija timagubuduzirapo, moti ukaponda kutsogolo umapezeka wabwerera kumbuyo. Mwadzidzidzi mpirawo unatsokomola.

"Mayi, mwandimanga kwambiri. Ndipumira pati?"

"Khala chete iwe, ndatopa," ndinatero.

"Mwatopa inu? Nanga ine nditani? Mtima wanga wam'katimu anaupendeketsa kuti ndizikhotera uku, inu mumandikankhira uko. Loweruka lililonse ndimakathera m'ngalande ya m'mbali mwa thabwa ngati chidakwa."

Ndiye nditayang'anitsitsa ndinaona kuti amene ndinali nawo pamzerewo sanali anthu ayi. Zinali zibonga, zoyera mbee, timipango tofiira m'khosi ngati akwaya. China chinatembenuka n'kundiombera m'manja, koma chilibe manja.

"Zikomo mayi. Chiyambireni inu kuponya, ife tanenepa. Sitigwanso."

Mwano wake!

Mwadzidzidzi ndinali kale m'kati, pamaso pa bwana wamkulu wa tayi ndi magalasi. Osandipatsa ngakhale moni, anangoti, "Mwini mabowowa ali kuti?"

"Anatisiya, bwana."

"Ndiye abwere adzanene okha kuti anakusiyani."

Akulankhula choncho khosi lawo linali likutalika, pakamwa pakuphwatalala, mpaka pampandopo panakhala bakha, tayi ili lende. Anandilozera chitseko ndi phiko. "Kwa oyeza zala! Kwa, kwa, kwa oyeza zala!"

Ndiye ndinayenda, kuyenda, kuyenda, chitsekocho chikungosunthira kutsogolo, mpira kumbuyoku ukulemera ngati thumba la feteleza. Nditalowa ndinapeza mayi wa chovala choyera. Pamene ankandigwira dzanja anali munthu, pamene ankalitembenuza anali atasanduka bilimankhwe, diso lina lili pa chala changa chachikulu, lina lili pampira.

"Mukamaponya, chala chachikuluchi chimatuluka msanga kapena mochedwa? Mumapotokola mkono kapena mumangotaya?"

"Ndimachita monga ankachitira abambo akunyumba."

"Sindinafunse za abambo. Inuyo mumaponya bwanji?"

"Mabowo awowa musawakhudze," ndinatero, "ndizo zokha ndabwerera."

Bilimankhwe uja anasanduka wobiriwira, kenako wotuwa, akuganiza. "Chabwino, njira ilipo. Mabowo tiwasiya, tisinthe dzanja." Anatsegula kabati, ndipo anzanga, munali manja okhaokha atasanjidwa ngati nsomba zouma. Anatola lina lalikulu. "Ili ndi lamanzere, lagwirapo ntchito pang'ono. Lanulo mutisiyira."

Musaseke, a Esinala. Ndinavomera ine. Ndinapinda malaya n'kutambasula mkono pathebulo, mumtima ndikuti bola lipite dzanja kusiyana n'kuti amate mabowo.

Mwadzidzidzi thebulo lija linatalika n'kukhala thabwa losewererapo, ndipo a Chikwenga anatulukira pansi pake. Nkhope inali yawo yomwe, ndevu zawo zomwe, koma thupi linali la nankafumbwe, chimlomo chachitali chikuzungulira ngati makina awo oboolera.

"Mayi, ine ndaboola chimanga cha dziko lonse, sindinaonepo munthu akudula phazi chifukwa cha nsapato. Yankho lija lili pati?"

"Ngati n'choncho," ndinatero, "mabowo akalewa mundikulungire papepala ndipite nawo."

"Bowo sitikulunga, mayi."

Ndiye ndinangokhala pansi pomwepo, miyendo tambalale, mpira uli pamiyendo. Ndinali nditatheratu. Ndipo pabenchi ya pambali panali munthu atawerama akumanga zingwe za nsapato, atavala jekete yakhofi ija anatenga alamu. Atadzutsa mutu, ha! Bambo a Tiyese. Sindinachite mantha ayi. Ndinangoona kuti m'maso mwawo muli tulo.

"Nasibeko," anandiitana monga ankachitira, "mukunditopetsa."

"Ine? Ndakulakwirani chiyani?"

"Loweruka lililonse mukalowetsa zala m'menemo, ine uko ndimadzuka kudzagwira nawo. Njira yake ndi yaitali, mkazi wanga. Anzanga onse amagona, ine ndili pamsewu. Ndipo tikagwira awiri, inu mukukokera kwanu, ine kwanga, mpira n'kumathera m'ngalande. Mukundichititsa manyazi kwa zibonga."

"Nanga nditani?" Apa misozi inali itayamba. "M'nyumba monse simunatsale kanthu koti ndikagwira ndimve kuti ndi inu. Ngakhale pilo anatenga. Muno mokha ndimo ndimakupezani."

Anagwada, anagwira mkono wanga wotupawu n'kuuyang'ana nthawi yaitali, akupukusa mutu. Kenako anapisa pampira paja n'kutola mabowo aja limodzi limodzi ngati akutola mtedza m'lichero, n'kuwaponya m'thumba la jekete.

"Awa ndi anga," anatero. "Achimwene anaiwala kutenga."

Anaseka kuseka kwawo kuja kotulukira m'mphuno, n'kuyamba kuyenda pathabwa paja. Anayamba molunjika, ndiye chakumapeto anakhota monga unkachitira mpira wawo, ndipo zibonga zonse zinagwa zokha kuwapatsa njira. Ndinaitana, "Bambo a Tiyese!" koma sanacheuke.

Mpira unatsala wosalala ngati dzira, wopanda pogwira, ndipo sunalankhulenso. Ndinalira, anzanga. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira tsiku loika maliro, chifukwa tsiku lija ndinali wotanganidwa ndi alendo. Nankafumbwe uja anadikira mpaka nditamina ndi chitenje, kenako anandifunsa motsitsa mawu.

"Tsopano mayi, inuyo mumaponya bwanji?"

"Sindikudziwa, a Chikwenga. Zoona sindikudziwa."

"Ponyani tione. Mpira usiyeni kaye, ponyani dzanja lokha."

Ndiye ndinaimirira, ndinabweza mkono kumbuyo n'kuulola upite wokha. Sunapotokoke ayi. Unangopita molunjika, wopepuka, osapweteka, chala chachikulu chikuloza kudenga. A Chikwenga anati, "Eya, imani pomwepo, ndaona poboola." Chimlomo chija chinatsika pampira, ndipo kutsogoloko ndinamva go! go! go! Ndinati zibonga zayamba kugwa.

Kutsegula maso, anali amayi a nyumba yoyandikana nafe akugogoda ndowa pampopi kutidziwitsa kuti madzi abwera. Dzanja langa linali likulendewera kunsi kwa bedi, zala zili m'mabowo a mpirawu.

Ndiye malizani tiyiyo mundiperekeze kwa a Chikwenga. Ndikapita ndekha ndibwerera panjira.